Mau a Amalume Ako Amene Ndinameza

Petauke,
Lachinayi masana.

Wokondedwa mwana wanga Taonga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye amene akusunga kuyambila tsiku lija anamwino anakuika m'manja mwanga ukulila ngati wina wakulanda kanthu. Usadabwe kulandila kalata yochokela kwa munthu amene ukukhala naye nyumba imodzi. Sabata ino ndayesa katatu kuti tikhale pansi, koma ndikangoti "Taonga," iwe umati "Adadi, ndamva kale," ine mtima n'kukwela, nkhani n'kuthela pachitseko. Ndiye lelo ndatseka shopu msanga, ndabwela kuno kuchalichi, ndakhala pa benchi ya kumbuyo pamene palibe wondidula mau. Uiwelenge lelo lomwe. Usati ukaitsegulile m'ndege, chifukwa muli nkhani ya mailo Lachisanu m'mawa tikamakwela basi.

Choyamba dziwa kuti za maphunzilo sindida nazo nkhawa. Ku Chaina ukupitako ukakhoza. Mwana amene anamasula pampu ya njinga yanga ali ndi zaka zisanu ndi ziwili n'kuibwezela bwinobwino, zaka zisanu za maphunzilo a zamadzi sizingamugwetse. Kuzizila ukazolowela, timitengo tawo todyela ukatidziwa. Chimene chandikhazika pa benchi pano ndi amalume ako a Mumba.

Sabata ziwili zapitazo anakwela basi kuchoka ku Nyimba, ndi chifuwa chawo chija, kudzatsanzikana nawe. Ukukumbuka mmene zinathela. Tili pakhonde, alendo a kumpingo ali pomwepo, iwo anayamba kufotokoza mmene amadziwila malo okumba chitsime: kuyang'ana mkuyu, kuyang'ana chulu, kulawilila mwezi wa Okutobala kukaona pamene udzu sunafe. Iwe unaseka. Unati, "Amalume, izo ni zakale, manje kuli makina," n'kuwaonetsa mapu pafoni, ukuwasendezela pafupi ndi maso ngati ukuphunzitsa mwana. Alendo ena anaseka nawo. Iwo anangoti, "Zoona amama, ise tinatha." M'mawa mwake ananyamuka madzi a tiyi asanawile. Mpaka lelo sunawaimbile, ndipo amako akakuuza umayankha kuti sunaname. Zaka zisanu n'zambili, Taonga, ndipo chifuwa chija unachimva wekha. Sindifuna kuti ukwele ndege nkhaniyi ili chomwechi.

Usaganize kuti ndikukudzudzula ngati munthu woyela. Kuseka kuja ndinakuzindikila msanga chifukwa n'kwanga, unatengela kwa ine monga unatengela mphuno. Miyezi ija umaphunzila Chitchaina unkatiwelengela miyambi yawo pakhonde, n'kumati anthu awa amadzichepetsa mwachiphamaso. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndikuimva koyamba. Choonadi n'chakuti miyambi itatu mwa imeneyo ndinaidziwa iwe usanamele mano, koma njila imene ndinaidziwila ndi yochititsa manyazi. Lelo ndikuuza, ndipo undimve mpaka kumapeto.

Uli kumsana kwa amako tinkakhala kwao ku Nyalugwe, ine ndili mkamwini. Ukamwini sunandikomele. Ndinali ndi satifiketi ya giledi thwelofu m'chikwama, koma pamudzi paja anthu ankayamba afunsa a Mumba asanachite chilichonse, ine ndili wongotumidwa. Chaka chimenecho kunabwela galimoto yokumba mijigo. Mkulu wake anali Mtchaina wamfupi wa imvi, amene anakumba mijigo zaka zambili kuposa zimene ine ndinali nditakhala padziko. Dzina lake linatikanika pakamwa, ndiye tinamutcha a Pang'ono, chifukwa ndiwo mau a Chinyanja amene anayamba kugwila, ndipo ankayankha nawo chilichonse. "Makina awa muwadziwa?" "Pang'ono." "Miyala muidziwa?" "Pang'ono." Chizungu chawo chinali chothyokathyoka, Chinsenga sankachimva n'komwe, ndiye ananditenga ine kuti ndiziwamasulila.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuwakhulupilila. Ndinkaganiza kuti wodziwa amanena kuti adziwa, ndipo woti "pang'ono" adziwadi pang'ono. Ndinayamba kuyenda pamudzi ngati mjigo ndaubweletsa ndine. Ndinalonjeza aphunzitsi kuti ukumbidwa pasukulu, ndinauzanso anthu kuchigayo, mpaka kuchalichi. Ndinkafuna kuti ana akamamwa pasukulu paja anthu aziti ndi mjigo wa a Daka.

Makina awo opimila anaonetsa malo awili, onse osatsimikizika: pasukulu, ndi kumunsi kwa mudzi pafupi ndi mkuyu waukulu. A Pang'ono anaitanitsa anthu. Anaimilila, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "Kwathu timati, ndiponye njelwa kuti wina atulutse mwala wa mtengo wapatali. Njelwa yanga ndi iyi: makina akuti malo ndi awili. Amene adziwa nthaka ino andithandize." Ine ndinamasulila, koma mumtima ndinali nditamaliza kale kuti ngati mkuluyu wavomela yekha kuti nzelu zake ndi njelwa, ndiye kuti mwala wa mtengo wapatali ndine.

Apo anaimilila amalume ako. Analibe nsapato, buluku atamanga ndi luzi. Munthu amene anakumba ndi manja zitsime za midzi yonse ya kumeneko. Analankhula modekha m'Chinsenga, ndipo mau awo ndikuwakumbuka mpaka lelo. Anati pasukulu pansi pali mwala wakuda, anayesapo ali mnyamata, piki inkathetheka moto, ndipo mwalawo ulibe ming'alu. Anati madzi ali kumunsi, pakati pa mkuyu ndi chulu, pamene nyelele zimatulutsa dothi lonyowa ngakhale mvula ili kutali. Atakhala pansi, a Pang'ono anayang'ana ine. Taonga, ine atate ako, amene lelo ndi mkulu wa mpingo, ndinatembenuka n'kunena m'Chizungu kuti, "Akuti zikomo kwambili, ndipo anthu onse akufuna pasukulu."

A Pang'ono anakwinya nkhope. Anati, "Mau onse aja, ndi omwewo basi?"

Ine ndinati, "Chinsenga n'chachitali, bwana."

Anakumba pasukulu masiku asanu ndi limodzi. Panatuluka fumbi lakuda lokhalokha, linadetsa mazenela a makalasi, ana akutsokomola. Amai a pamudzi ankabwela ndi ndowa m'mawa uliwonse n'kubwelela nazo zopanda kanthu, amako ali pakati pawo, iwe uli kumsana. Tsiku lachisanu ndi chiwili a Pang'ono sanandiitane. Anayenda okha mpaka pakhomo pa amalume ako. Anapempha madzi m'kapu, n'kuviika zala, n'kuyamba kudzitsuka makutu, kuno ndi kuno, kenako n'kukhala pansi pa dothi akuloza pakamwa pa a Mumba. Anthu anaseka kuti Mtchaina dzuwa lamuzunguza mutu. Pambuyo pake ndi pamene anandiuza kuti kwao, ukafuna kumva kwa wodziwa, umati ndasamba makutu, lankhulani. Popeza womasulila anali atawagwilitsa fuwa la moto, anangouchita mwambiwo ndi manja. Amalume ako anamva popanda ine. Ananyamula mpini wa khasu, n'kuwatsogolela kumunsi, n'kukhoma chikhomo. Tsiku lachiwili madzi anatumphuka mpaka kunyowetsa masamba a mkuyu.

Nthungululu zili mkati, a Pang'ono anandikodola. Anati, "Umasulile, koma mau onse." Anaima pamaso pa amalume ako n'kunena kuti kwao kalekale kunali mmisili wa matabwa woposa onse, ndipo munthu akamadzionetsa pamaso pa odziwa amati akuzunguza nkhwangwa pakhomo pa mmisili uja. Anati, "Ine ndazunguza nkhwangwa sabata yathunthu pakhomo panu. Mundikhululukile." Ganiza bwino, mwana wanga. Mwini makina, mwini imvi, akupepesa kwa munthu wopanda nsapato, chifukwa cha tchimo limene silinali lake, wolichita ndili pakati pawo ndikumasulila. Ndinamasulila zonse.

Amalume ako anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Muwauze, alamu, kuti nkhwangwa yawo ni yabwino, ine na manja sembe sininafike kumene afika. Koma muwauze zonse, alamu. Chizungu chisafupike."

Apo ndinadziwa kuti anadziwa. Ndipo kuyambila tsiku limenelo mpaka lelo sanaitchulenso nkhaniyo, ngakhale kamodzi, ngakhale pamene tinasiyana maganizo pa za munda. Ndi iwo amene anakunyamula panjinga kukufikitsa kuchipatala ku Nyimba pamene unakomoka ndi malungo, ine ndili kutali ndi ntchito. Munthu ameneyo ndiye unamusendezela foni pamaso.

Ndiye undimve, Taonga. Kumene ukupita ukakumana ndi a Pang'ono ambili. Mphunzitsi wamkulu akakati "ndidziwa pang'ono chabe," usakatenge mau amenewo ngati chilolezo. Akakati "ndaponya njelwa, inu mukuti bwanji," usakathamangile kuganiza kuti mwala wa mtengo wapatali uli m'thumba mwako. Uyambe wayang'ana kuti m'chipindamo muli ndani wina. Mwina ndi uja wokhala pakona amene amatsuka zipangizo, amene waona ophunzila anzelu akubwela ndi kupita zaka makumi awili. Umupatse moni, udziwe dzina lake, umufunse. Kwathu kuno timati ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine ndinaimanga nyumba imeneyo pasukulu ya ku Nyalugwe, ndipo dzenje lake analitseka ndi simenti, ukapita ukalipeza.

Koma pali kulakwa kwina kumene ndinachita pambuyo pake, ndipo ndikuopa kuti kalata ino ingakukankhile komweko. A Pang'ono sanandichotse ntchito. Ndinayenda nawo zaka ziwili m'midzi ya ku Kalindawalo, ndipo luso la mapampu limene likutidyetsa lelo ndinalitenga m'manja mwawo. Koma manyazi anandisandutsa bubu. Ndinaganiza kuti kudzichepetsa ndi kutseka pakamwa. Tsiku lina m'mawa ndinaona kuti tcheni chokwezela mapaipi chang'aluka pamfundo imodzi. Ndinachiona bwinobwino. Ndinati mumtima, ine ndani kuti ndiuze mwini makina za tcheni chake, iwo achiona kale. Masana tcheni chinaduka, paipi inagwa n'kuwaphwanya zala ziwili za dzanja lamanzele. Atabwela kuchipatala anandifunsa, "Unaona?" Ndinavomela. "Bwanji sunanene?" Ndinati ndinaopa kuzunguza nkhwangwa. Aka kanali koyamba ndi kotsiliza kuwamva akukalipa. Anati, "Njelwa umaponya! Ukaisunga m'thumba ithandiza ndani?" Zala zija sizinawongokenso.

Choncho sindikukutuma ku Chaina kuti ukakhale chete. Mulungu anakupatsa mutu wakuthwa, ndipo kuubisa ndi kusayamika. Ukaona tcheni chang'aluka, unene, ngakhale pamaso pa mkulu wa sukulu yonse. Ukadziwa kanthu ka nthaka ya kwanu kamene iwo sakadziwa, ukanene, chifukwa mlendo ndiye amabwela ndi kalumo kakuthwa. Koma pali kanenedwe. "Mwina ndalakwa, koma ine ndaona chakuti, inu mukuona bwanji?" Mau ndi omwewo, choonadi ndi chomwecho, koma wamusiyila mnzako malo oimapo. Pakhonde paja sunaname, ndikuvomela. Makina alipodi, ndipo amaona kumene maso a a Mumba sangafike. Koma ukanati, "Amalume, chulu chimakuuzani chiyani? Ndifuna ndikaone ngati makina a ku Chaina akagwilizana nanu," ukanapita ndi nzelu zawo m'kope, iwo akanabwelela ku Nyimba ali olemekezeka. M'malo mwake wapita ndi kuseka kwa alendo, kumene sikungakuthandize pa mayeso alionse.

Tinthu tina tating'ono ndinene ndisanaiwale. Akakuyamikila kuti Chitchaina chako n'chabwino, usati "inde, ndinali woyamba m'kalasi." Uthokoze, unene kuti ukali kuphunzila, chifukwa ndi zoona. Wamkulu akakupatsa kanthu ulandile ndi manja awili monga amako anakuphunzitsa, a Pang'ono ankachita chimodzimodzi, ndipo tsiku loyamba kuona amai a pamudzi akuwapatsa madzi ndi manja awili anati zawakumbutsa kwao. Usakachite manyazi ndi mwambo wa kwanu poganiza kuti ndi wa kumudzi. Ukafunefune anzako opemphela nawo, ngakhale akhale atatu m'kachipinda. Ukasowa, upemphele wekha, Mulungu wa ku Petauke sasowa viza. Ndipo uziimbila amako Lamlungu lililonse, osati mauthenga olemba okha, amafuna kumva mau ako.

Tsopano za chiphamaso chimene unanena chija. Sindikukutsutsa kotheatu. Alipo anthu, ku Chaina ndi kuno komwe, amene amati "ndine wamng'ono" akudikila kuti uwauze kuti ndi aakulu. Koma ine ndapeza poyesela, ndi pamapazi. A Pang'ono sanangonena mwambi, anayenda mpaka pakhomo pa a Mumba n'kukhala pa dothi. Ndipo poyesela pamenepo woyamba kugwa ndine. Zaka zonsezi ndaimilila kutsogolo kwa chalichi chino, pamene ndikupaona pano ndikulemba, ndikupemphela mokweza kuti ndine wochimwa wosayenela. Ndalalikilapo za kudzichepetsa, anthu n'kumati a Daka lelo atidyetsa. Koma kwa alamu anga sindinapiteko kukapepesa. Ndaona kuti kunena "ndine wochimwa" pamaso pa mpingo wonse n'kopepuka kuposa kunena "ndinalakwa" pamaso pa munthu mmodzi. Wachiphamaso amene umamuseka m'buku lako unali kudya naye mbale imodzi.

Dzulo ndinalimba mtima n'kuwaululila amako, tili kuseli akusankha nshawa zako za paulendo. Ndinayamba ndi mau olemela, ndikuganiza kuti agwa pansi. Sanaleke n'kusankha komwe. Anati, "A Daka, mwasunga chinsinsi chimene mudzi wonse unadziwa tsiku lomwelo. Achimwene sananene zikomo, koma tonse tinakumvani mukuti thenkyu. Ngakhale agogo athu osaona aja anamva." Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanandiuze zaka zonsezi. Anati, "Achimwene anatiletsa. Anati mkamwini ni mlendo, mukamuvula pagulu athawa, ndipo mwana uyu afuna atate ake." Mwana ameneyo ndiwe. Ndinalowa m'nyumba, sindinafune kuti amako aone nkhope yanga.

Ndiye zimene ndakonza ndi izi. Ndege yako ndi ya Loweluka madzulo, nthawi ilipo. Ndapita ku siteshoni ndalankhula ndi eni basi. Mailo tonse awili tikwela basi ya m'mamawa ya ku Lusaka. Ine tikiti yanga ithela pa Nyimba. Yako ndi ya ku Lusaka, koma avomela kuti ukatsika pa Nyimba, basi yawo ya masana ikutenga pa tikiti yomweyo, ndipo azakhali ako a ku Lusaka akudziwa kuti ukhoza kufika masana kapena madzulo. Amalume ako ali kwa mwana wawo kuseli kwa msika, kumene akulandila mankhwala. Ine ndikupita kumeneko. Ndikagwada pakhomo pawo, ndikanena mau awo onse a tsiku lija mmene anawanenela, kenako ndikanena zimene ine ndinanena m'malo mwake, ndikapempha chikhululuko. Izi ndichita kaya iwe watsika kaya sunatsike, chifukwa mlandu wanga ndi wakale kuposa wako ndipo suyembekeza wako.

Sindikukukakamiza. Ndiwe wamkulu tsopano, ndipo kupepesa kokokedwa ndi chingwe amalume ako angakuzindikile usanakhale n'pansi. Ukakhala m'basi sindidzakuchotsela dalitso langa, ulinalo kale, lonse. Koma ukatsika, foni uiike m'chikwama. Utenge kope ndi bolopeni. Upepese mwachidule, usachulutse zifukwa, kenako uwafunse za chulu, za mkuyu, za mwala wakuda, ulembe zonse mpaka atope okha. Palibe sukulu ku Chaina imene idzakupatse zimenezo, ndipo sindikudziwa ngati udzawapeza pobwela. Iwo sadzakusunga nthawi yaitali pansi, ndimawadziwa. Adzayamba kukunyoza kuti waonda, adzatuma munthu akagule nthochi, kenako adzakuika dzanja pamutu monga mwini mbumba, chimene ine sindingachite m'malo mwawo.

Ine ndili ndi chikhulupililo, mwana wanga. Unatengela kuseka kwanga, koma mtima unatengela kwa amako, ndipo ndakuonapo ukubwelela kukapepesa kwa mng'ono wako palibe wokutuma. Basi ikaima pa Nyimba sindidzakuyang'ana, kuti usatsike chifukwa cha maso anga. Ndidzatsika, ndidzadutsa amai a nthochi aja, ndidzalowela njila ya kumsika mosafulumila. Sutikesi yako ya mawilo ija imasokosa pamiyala. Sindidzacheuka, ndidzaimva.

Ambuye akutsogolele popita, akusunge kumeneko, akubweze kwa ife uli wamoyo.

Ndine atate ako okukonda,
Yohane Daka